Mtondo wogwedera udawamanitsa tiyi amayi anga

Mkazi wanga ndiye adayamba kuzindikira kuti amayi asiya kumwa tiyi wamadzulo. Kumudzi kwathu ku Ntcheu aliyense akudziwa kuti amayi anga akhoza kugona osadya nsima, koma tiyi ayi. Ndiye itatha sabata yathunthu iwo akungokankha kapu n'kumati akhuta, tidayamba kuganiza kuti mwina ndi kuzizira kwa kuno ku America, kapena apukwa kumudzi. Kenaka tidaona kuti ngakhale madzi akumwa sakuwakhudza ikangokwana 4 koloko madzulo. Mkazi wanga amagwira ntchito yosamalira okalamba, choncho amadziwa kuopsa kwake munthu wamkulu akamadzimana madzi.

Tsiku lina m'mawa, ine nditapita kuntchito, adakhala nawo pansi apongozi akewo n'kuwafunsa mwaulemu chomwe chavuta. Adazengereza, kenaka adaulula. "Chimbudzi chanu chija chimagwedera, mwana wanga. Ndikamati ndidzuke chimapendekeka. Usiku ndimaopa kugwa ndekha inu muli m'tulo, ndiye ndidaona kuti bola ndisamamwe kanthu." Nkhani ngati imeneyi mayi sangamuuze mwana wake wamwamuna. Ndidaimva madzulo ake kwa mkazi wanga, ndipo manyazi adandigwira chifukwa chimbudzicho ndidaika ndine, ndi manja angawa.

Timakhala mumzinda wa South Bend m'chigawo cha Indiana, komwe Amalawi tilipo ambiri ndithu. Nyumba yomwe tidagula ndi yakale, yomangidwa pamwamba pa konkire. Titamva kuti amayi apatsidwa chilolezo chobwera kudzaona zidzukulu, tidawakonzera chipinda choyandikana ndi bafa laling'ono chifukwa maondo amawavuta. M'bafamo mwini wake wakale adayala matabwa pakonkire n'kumata matailosi pamwamba pake. Matabwawo adali ataola ndi chinyezi. Ndidachotsa mtondo wa chimbudzi, n'kuswa matailosi, n'kutaya matabwa onse, ndipo m'malo mwake ndidayala pulasitiki yopyapyala yokongola yooneka ngati thabwa. Sindidalingalire kuti pochita zimenezi ndatsitsa pansi pa bafalo ndi masentimita pafupifupi 2, pomwe paipi ya chimbudzi yatsala pamsinkhu wake wakale.

Apa ndifotokoze pang'ono, chifukwa zimbudzi zogejemula za kuno zimasiyana ndi zomwe tidazolowera kumudzi. Kwathu mtondo wambiri umatulutsira kumbuyo, paipi ya mamilimita 110 n'kuboola khoma, ndipo pokumana mtondo ndi paipi pamakhala cholumikizira cha labala. Kuno mtondo umatulutsira pansi penipeni. Paipi ya mainchesi 3 kapena 4 imatuluka m'konkire, ndipo kukamwa kwake amamatako chinthu chozungulira ngati mbale yoboola pakati chomwe amachitcha flange. Flange ili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kugwira mabawuti awiri omangira mtondo. Yachiwiri ndi kulandira mkombero wa phula womwe umafinyika pakati pa mtondo ndi paipi kuti madzi oipa ndi mpweya wonunkha zisatulukire m'mbali. Pakati pa paipiyo m'nyumba zambiri pamakhala mainchesi 12, omwe ndi masentimita 30, kuchokera kukhoma lakumbuyo.

Flange imayenera kugona pamwamba pa pansi pomalizidwa, kaya ndi matailosi kaya pulasitiki, n'kumangidwa pomwepo. Ikagona choncho imangotukuka pang'ono, pafupifupi mamilimita 6, ndipo kunsi kwa mtondo kuli kamphako komwe imalowamo pamodzi ndi phula lija. Mtondo umakhala ukupondera pansi ndi tsinde lake lonse. Koma flange ikakwera kwambiri, mtondo umakhala pa flangeyo tsinde lili m'malere, ngati mphika womwe waikidwa pa fuwa limodzi. Yanga idatsala ili njo, pansi pake pali mpata woti n'kulowetsa chala.

Tsiku lomwe ndidabwezeretsa mtondo ndidaona ndithu kuti ukugwedera. M'malo moima kaye n'kufunsa, ndidadula timatabwa tiwiri n'kutikhomera kunsi, kenaka ndidamata m'mphepete monse ndi mankhwala oyera otsekera mipata. Pooneka padali pabwino zedi, mpaka ndidajambula chithunzi n'kutumizira achimwene anga ku Lilongwe kuti aone kuti mng'ono wawo ndi mmisiri. Ine ndikakhalapo sudali kusuntha, chifukwa munthu wa maondo abwino amakhala n'kudzuka molunjika. Amayi podzuka amayamba atsamira mbali imodzi, dzanja lina pakhoma, thupi lonse likupondereza m'mphepete. Timatabwa tija tidanyowa ndi madzi okolopera, tidafewa, kamodzi n'kuterereka. Kuyambira pamenepo mtondo udayamba kuvina.

Nditamva dandaulo la amayi, usiku womwewo ndidatenga sipanala n'kuyamba kumanga mabawuti aja mwamphamvu. Ndidamanga la kumanja, ndidamanga la kumanzere, ndidabwereranso kumanja. Kenaka ndidangomva kuti thee! Mng'alu udayambira pabowo la bawuti n'kutsika mpaka pansi. Mtondo ndi dothi lootcha, m'bale wake wa kapu ya tiyi, ndipo sudziwa kupindika. Ukaukakamiza kuti utsike pomwe pakati pake watsamira chinthu cholimba, umang'aluka basi. Ndidakhala pansi m'bafamo sipanala ili m'manja, ndipo mpamene ndidavomereza kuti fungo la mazira oola lomwe tinkalimva masiku otentha m'nyumba silinkachokera kubini monga ndinkanenera.

Mawa lake ndidaimbira foni bambo wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu, Mmalawi mnzathu yemwe wakhala zaka zambiri akukonza zowonongeka m'nyumba za lendi. Adabwera Loweruka m'mawa ndi bokosi lawo la zipangizo. Adayamba apita kukapereka moni kwa amayi, adafunsana za mvula ya kumudzi ndi za maliro, kenaka tidalowa m'bafa. Tidatseka mpopi wa kuseri kwa mtondo, tidagejemula kuti thanki iphwe, madzi otsala tidawakapa ndi siponji, n'kumasula mabawuti. Titanyamula mtondo, bamboyo adaloza pa flange osayankhula. Phula lonse lidali litafinyikira kunja, pakati patangotsala kachigamba kopyapyala ngati pepala, ndipo mbali imodzi kudali kotseguka. Pulasitiki yanga yatsopano idali itada mozungulira.

"Achimwene," adatero uku akupukuta m'manja, "akuluakulu adati safunsa adadya phula. Inu simudadye, koma mwalipondereza mpaka latha." Adatenga chisanza chachikulu n'kutseka kukamwa kwa paipi, ndipo adandichenjeza kuti chisanzacho chikhale chachikulu ndithu kuti chisagwere m'kati. Adafotokoza kuti mpweya wa m'mapaipi a zonyansa si fungo chabe. Muli mpweya wa methane womwe umayaka moto, ndi wina wa hydrogen sulphide womwe ndiwo umanunkha ngati mazira oola ndipo ukachuluka umadwalitsa. Madzi aja amatsala m'khosi mwa mtondo ndiwo amautsekereza, koma phula likang'ambika mpweyawo umadutsa kunsi osakumana ndi madziwo. Phula silibwerera likafinyika. Mtondo ukagwedera kamodzi kokha, mpata watseguka, ndipo sutsekekanso wokha.

Adagoneka levulo pamwamba pa flange n'kuyeza ndi tepi kuchokera pansi. Padali masentimita 2 ndi kachidutswa. Adati njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi kukweza pansi ponse pa bafa, pothira simenti yosalaza kapena kuika matailosi okhuthala, kuti pafike pomwe pali flange. Njirayi ndi yabwino ngati munthu sunamalize pansi, koma kwa ine ikadatanthauza kuchotsa pulasitiki yonse, kudula chitseko, komanso kusiya kachitunda pakhomo pomwe amayi akadapunthwa usiku. Yachiwiri ndi kuika thandala lolimba kunsi kwa mtondo wokha, lodulidwa motsatira tsinde lake. Adati anthu amachita, ndipo ikakhala nkhani ya mamilimita ochepa timapulasitiki tolimba topangidwira ntchitoyi timakwanira, koma pa mpata ngati wangawu ndi kubisa matenda. Yachitatu ndi kudula paipi kuti ifanane ndi pansi n'kuika flange yatsopano.

Ndidafunsa ngati kudulako sikutanthauza kuswa konkire, chifukwa ndicho ndinkaopa kwambiri. Ndidali nditafunsapo kale mtengo kwa pulambala wina pafoni, ndipo ndalama yomwe adatchula idaposa malipiro anga a sabata yonse. Bamboyo adawalitsa tochi m'paipi n'kunena kuti ndili ndi mwayi pa zinthu ziwiri. Choyamba, paipi yanga idali ya pulasitiki ya PVC. Nyumba zina zakale kuno zili ndi mapaipi achitsulo chokhuthala, ndipo amenewo kudula kwake ndi kulumikiza kwake ndi ntchito ina yofuna munthu wodziwa. Chachiwiri, idali ya mainchesi 4, ndipo flange yakale adaimata movala kunja kwa paipi, choncho m'kati mudali mosalala. Zikatero umagula flange yolowa m'kati mwa paipi, konkire osaikhudza. Paipi ikakhala ya mainchesi 3, adatero, kulowetsa flange m'kati kumachepetsa njira, ndipo bola kusema konkire mozungulira kuti yatsopano ivale kunja.

Tidapita kusitolo ya zipangizo zomangira. Tidagula mtondo watsopano wotalikirapo, woti munthu wa maondo ovuta asamatsike kwambiri pokhala. Tidagulanso flange yokhala ndi mkombero wachitsulo chosachita dzimbiri, phula latsopano, mabawuti atsopano, guluu wa mapaipi pamodzi ndi mankhwala ofiirira otsukira pomata, masikuluwu olowa m'konkire, ndi kampeni kozungulira kokhala pa kamtengo kachitsulo komwe amakamangirira ku makina obowolera. Kampeni kameneka kamadula paipi kuchokera m'kati, pamalo pomwe sowo wamba sangafike. Bamboyo adaumirira kuti tigule magalasi oteteza maso ndi zophimba kumphuno, ponena kuti fumbi la konkire likalowa m'mapapo silituluka.

Titabwerera, adakankhira chisanza chija pansi pang'ono atachimangirira chingwe, kuti zinyenyeswa zisapite m'paipi ndiponso kuti tithe kuchikoka. Adalemba mzere m'kati mwa paipi molingana ndi pansi, n'kundipatsa makina kuti ndidule ndine. "Mwaononga nokha, mukonzenso nokha, ine ndingoyang'ana," adatero. Manja ankanjenjemera. Adandiuza kuti ndisathamange, ndizungulire pang'onopang'ono kangapo kusiyana n'kufuna kudula kamodzi. Patapita mphindi zochepa flange yakale idaduka n'kutsala m'manja mwanga. Tidapala m'mphepete mwa paipi ndi sandipepa mpaka pasalale, ndipo pomwe konkire idatukuka pang'ono mozungulira bowo tidasemapo ndi tchizulo kuti flange yatsopano igone bwino.

Tisanatsegule guluu tidayesa kaye flange yatsopano youma. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa, chifukwa guluu wa PVC amagwira m'kamphindi ndipo salola kubwerera m'mbuyo. Mipata ya mabawuti iyenera kukhala wina kumanja wina kumanzere, yonse pamtunda wofanana kuchokera kukhoma lakumbuyo, apo ayi mtondo udzayang'ana chammbali. Tidayeza, tidalemba zizindikiro pansi ndi pensulo, tidatsegula zenera ngakhale kunja kunkazizira, chifukwa fungo la guluuyo limazunguza mutu. Tidapaka mankhwala otsukira m'kati mwa paipi ndi kunja kwa flange, kenaka guluu mbali zonse ziwiri, n'kukankha mpaka mkombero utagona papulasitiki ya pansi. Ndidaupondereza ndi manja onse kwa kanthawi kuti usabwerere m'mwamba.

Kenaka tidaboola konkire kudzera m'mabowo a mkomberowo n'kumanga masikuluwu. Ndidafunsa chifukwa chovutikira ndi masikuluwu pomwe guluu wagwira kale. Adandiyankha kuti guluu amagwira paipi, koma munthu akatsamira mtondo mphamvu yake imakoka mabawuti, mabawuti n'kukoka flange. Flange ikakhala yosamangidwa pansi, paipi ndiyo imasenza zonsezo, ndipo tsiku lina idzang'aluka m'kati mwa konkire momwe diso silifika. Yakale ija, yomwe idali m'malere, idalibe sikuluwu ngakhale imodzi chichotsereni matabwa aja.

Mtondo watsopano tidayamba tauika wopanda phula kuti tione ngati ukukhala bwino. Udagwedera pang'ono kwambiri kutsogolo chifukwa konkire ya nyumba yakale siikhala yosalala ngati tebulo. Tidaikapo timapulasitiki tiwiri topyapyala, tidalemba malo ake, n'kuunyamulanso. Apa mpamene tidakoka chisanza chija, ndipo bamboyo adandiuza kuti ndichione ndi maso anga chili kunja, chifukwa adaonapo anthu atamaliza ntchito yonse chisanza chili m'paipi. Phula lidali litauma ndi kuzizira kwa m'galimoto, ndiye tidaliika kaye m'madzi ofunda lili m'pepala lake kuti lifewe. Tidaimika mabawuti, tidaika phula pa flange, ndipo tidatsitsa mtondo awiri, molunjika, osaupotoza. Ndidakhalapo kuti thupi langa liutsitse mpaka tsinde ligunde pansi.

Pomanga mabawuti adandilanda sipanala. Adamanga ndi zala kaye, kenaka pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, mosinthanasinthana, n'kuleka pomwe ine ndikadapitiriza. "Bawuti ntchito yake ndi kuletsa mtondo kusuntha," adatero. "Wonyamula munthu ndi pansi." Tidalumikiza madzi, tidagejemula kasanu titayala mapepala mozungulira, ndipo onse adatsala ouma. Pomata m'mphepete adasiya kampata kumbuyo osamata. Adati tsiku lina phula likadzalephera, madzi adzatulukire pamenepo ndiwaone msanga, kusiyana n'kuti azidzaunjikana mobisika monga zidachitikira poyamba. Tisanalongedze zipangizo tidakhomanso chitsulo chogwirira pakhoma, m'mbali mwa mtondo, molunjika pamtengo wa m'kati mwa khomalo kuti chisazuke munthu akachikoka.

Ndalemba izi podziwa kuti owerenga ambiri kumudzi simudzagula flange kapena phula. Koma vuto lake ndi lomwelo kulikonse komwe paipi imatuluka m'simenti. Ambiri tikumanga nyumba pang'onopang'ono, ena tikutumiza ndalama tili kutali. Pulambala amabwera chaka chino kudzaika mapaipi, woika matailosi amabwera chaka chamawa, ndipo awiriwa sakumana. Wina amayezera pakonkire, mnzake n'kudzakweza pansi ndi simenti ndi matailosi, mapeto ake paipi ya pakhoma siikumana ndi potulukira pa mtondo, kapena ya pansi yatsala yaitali. Zikatero mmisiri wofulumira amangounjika simenti kunsi kwa mtondo n'kupaka ina polumikizira, mwini nyumba n'kulipira akusangalala. Pakatha miyezi fungo layamba, ndipo pofuna kukonza mtondo wokwiriridwa m'simenti umatuluka uli zidutswa.

Choncho musanathire konkire, gwirizanani ndi amisiri anu kuti pansi pomalizidwa padzafika pati, ndipo mulembe mzerewo pakhoma kuti aliyense wobwera aziyezera pamenepo. Ngati n'kotheka gulani mtondo msanga kuti pulambala ayeze weniweniwo, chifukwa mitondo imasiyana. Paipi yotuluka pansi aisiye yaitali ndi yotseka kukamwa, adzaidule matailosi atamatidwa. Mukasintha pansi pa bafa lakale, kaya mukukweza kaya mukutsitsa, kumbukirani kuti paipi siisuntha nanu. Ndipo mtondo ukaikidwa, musangouyang'ana. Ugwireni ndi manja awiri, muukankhe uku ndi uku, mutsamire m'mphepete monga amachitira munthu wokalamba kapena mayi woyembekezera. Ukasuntha ngakhale pang'ono, musamulipire mmisiri mpaka apeze chomwe wautsamira.

Bambo uja adakana ndalama. Adangopempha kuti mkazi wanga awaphikire nsima ya ufa woyera womwe amayi adabwera nawo, ndi usipa. Tikudya, amayi adalowa m'bafa muja okha, ndipo tidamva akugogoda mtondo ndi ndodo yawo mbali zonse, kenaka akukoka chitsulo cha pakhoma. Adatuluka osanena kanthu n'kukhala pampando wawo pafupi ndi zenera. Cha m'ma 7 koloko madzulo, alendo atapita, adaitana mdzukulu wawo wamkulu.

"Iwe, kawauze amayi ako ateleke madzi. Masamba aike ambiri, shuga masipuni atatu."

Adamwa makapu awiri usiku umenewo.